Kapitao Atalowa Mumphika

"Alamu, tambala uyo musamuphe, ndagwira mwendo wanu."

Anatero aNdinanena ataima pakhomo pa khola, dzanja lili pamtima ngati aona njoka. Dzinali anawapatsa ndi anthu, poti pakamwa pawo sipankauma machenjezo: za mpeni wosiyidwa chagada, za madzi oima, za msomali wadzimbiri. Amene ankawachonderera tsikulo anali aChidendene, bambo wosoka nsapato, mwamuna wa malemu mng'ono wawo. Bambowo anali phee pakampando, nsapato ili pabondo, ulusi uli kukamwa.

Nkhani inali yotere. AChidendene ankakhala mumpanda wa nyumba zitatu za lendi, mpopi umodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzi. Kuseri kwa nyumba yawo kunali khola la nkhuku zimene akazi awo anasiya pomwalira: mathadzi asanu ndi anayi, tambala wamkulu dzina lake Kapitao, ndi atambala atatu achisodzera oswedwa dzinja lathalo. Zovala za malemu abale anagawana, mbale ndi mapoto ana anatenga. Chamoyo chimene chinawatsalira bambowa chinali nkhukuzo. M'mawa uliwonse ankaziitana momwe mayi ankaitanira, ndipo zikabwera chothamanga, pakhomo pankakhala ngati pali anthu.

Tsono dzulo lake eninyumba anali atafika nkhope ili gwa. "Anesi a khomo lachiwiri akudandaula za tambala wanu. Munthu amachezera kuntchito kuchipatala, masana agoneko. Konzani zimenezi, apo ayi nkhuku zonse zituluke mumpanda mwanga."

"Ndiye chovuta chili pati, alamu?" anafunsa aChidendene atalavula ulusi uja. "Wolira ndi mmodzi. Atatu awo chibadwire sanatsegulepo kukamwa. Ndikachotsa Kapitao, mpanda wonse zii."

"Sanatsegulepo kukamwa? Alamu, maso muli nawo koma anazolowera kuyang'ana kumapazi kwa anthu. Ine ndawaona kuseri kwa mgolo uko. Amatukula khosi, n'kusuzumira uku ndi uku, akangoona Kapitao n'kumeza nyimbo. Si ulemu umenewo, ndi mantha. Chotsani atatuwo, mkuluyo mumusiye. Ndipo musanagwire mpeni, kamveni kaye pakamwa pa anesiwo kuti chikuwasautsa n'chiyani. Mawu odzera mwa munthu wina amafika atasintha malaya."

AChidendene anaseka mpaka nsapato inagwa pabondo. "Inu alamu, chimene simuopa n'chiyani? Munati ndisagule njinga ndithyoka msana, njinga si iyo, msana si uwu. Munati madzi a mufiriji andiumitsa pakhosi, nanga pano ndikuyankhulira pati? Ndikanakwatira inu, bwenzi ndikugona nditavala chipewa chachitsulo."

"Ndikanakukanani masanasana. Mwamuna wosamva ndikanamuika pati ine?" Anatola kachikwama kawo, koma atafika pageti anatembenuka. "Sekani ine, palibe kanthu. Koma nkhukuzo n'za mng'ono wanga."

M'mawa mwake aChidendene anakaitula nkhaniyo kwa mnzawo wometa, yemwe kanyumba kake kantchito kanayang'anizana ndi pamene iwo ankasokera nsapato. Ometawo anali ndi lilime losalala kuposa lumo lawo.

"Achimwene, mutu wanuwu ndimaumeta ndine, ndikudziwa kuti muli nzeru. Mayi aja amathawa ndi chithunzithunzi chawo chomwe. Tambala wokalamba ntchito yake n'chiyani? Loweruka ndibwera ndi tomato ndi anyezi."

Inu, muziopa munthu wokuyamikirani nzeru maso ake ali pamphika.

Loweruka Kapitao anaphedwa. Sanavute n'komwe pomugwira, poti anazolowera kudya m'manja. Nyama yake inali yolimba ngati jombo, ometa n'kumaseka kuti ameneyu akanangomusokera kunsi kwa nsapato, koma mbale anaikomba mpaka kuwala.

Lamulungu kunali zii. Lolemba zii. AChidendene anakumana ndi eninyumba pampopi n'kuwauza chifuwa chili patsogolo kuti nkhani ija yatha.

Lachiwiri dzuwa litakwera, tambala wofiira anadumphira pamgolo. Anasuzumira uku, anasuzumira uko, osaona womuletsa. Ndiye analira. Mawu ake anali ngati chitseko chadzimbiri. Asanatsirize, wakuda anayankha ali padenga la khola, wamawanga n'kupokera ali pansi pa zenera la anesi penipeni. Kapitao ankalira m'bandakucha, masana kawiri kapena katatu, basi, ngati munthu wodziwa nthawi ya ntchito. Awa analibe wotchi. Uyu akalira, uyo sankalola kuti mawu otsiriza akhale a mnzake, wachitatu naye n'kumati nanga ine ndine mwana? Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mumpandamo munalibe poika khutu.

Kulirako kunali kuyamba chabe. Mpando ukakhala wopanda mwini, aliyense amaona ngati unasemedwera iye. Atambala aja anayamba kumenyana, khosi nyankhalala, nthenga zili mbuu m'mwamba. Ndipo m'pamene aChidendene anayamba kuona ntchito imene Kapitao ankagwira iwo osaidziwa. Uja akapeza chiwala ankaitana mathadzi, iye osadya. Mathadzi awiri akayambana, ankangodutsa pakati pawo mwaulemu wake, mkangano n'kuthera pomwepo. Achisodzerawa chakudya ankachita kulanda, ndipo thadzi limodzi ankalithamangitsa onse atatu, uyu akatsika uyo wakwera. Misana ya mathadzi inasosoka mpaka kuoneka khungu lofiira. Nkhuku ikaona magazi pa inzake siileka, choncho mathadzi nawo anayamba kujomphana okhaokha. Mazira anasiya. Panali thadzi lina la tsumba pamutu, lomwe malemu ankalikonda koposa, ndipo linali likufungatira mazira khumi m'dengu. Ndewu inagwera m'dengumo. Ena anaphwanyika, otsalawo anazizira.

M'mawa wa Lachinayi aChidendene anaitana monga mwa masiku onse, madeya ali m'manja. Palibe thadzi linabwera. Ena anali padenga, ena atabisala kuseri kwa nkhuni, akungowayang'ana. Bambowo anaima pamenepo nthawi yaitali, mtima uli mwaa.

Nzeru yoti apite kwa alamu awo inawabwerera, koma manyazi anaiponda. M'malo mwake anatenga ulusi wosokera nsapato, nagwira tambala wofiira, yemwe ankaoneka woyambitsa, n'kumumangirira mwendo pamtengo wa khola. Anati akhale pamenepo aphunzire mwambo. Zimenezi musadzayese. Tambala womasuka akagonja amathawa, womangidwa athawira kuti? Pobwera kuntchito madzulo anamupeza ali gone, mutu wosazindikirika, ulusi utamudula mwendo. Sanafike m'mawa.

Lachisanu masana awiri otsalawo anautsa ndewu ina, nathamangitsana mpaka pachingwe choyanika zovala. Pachingwepo panali mayunifolomu awiri a anesi, oyera mbee. Mayunifolomuwo anagwa pansi, atambala n'kumenyeranapo. Anesi anatuluka m'nyumba maso ali psuu ndi tulo ta masiku anayi, natola zovala zawo zili magazi ndi matope okhaokha, n'kukawaonetsa aChidendene.

"Bambo, kodi ine ndinakulakwirani chiyani?"

"Mayi, pepani. Komatu tambala wamkulu uja ndinamupha chifukwa cha inu."

"Chifukwa cha ine? Ine ndinangopempha eninyumba kuti khola lisunthidweko pang'ono, lichoke pazenera langa. Tambala uja m'mawa amalira ine ndikadali kuntchito. Masana amandidzutsa pokhapokha akaima pazenera pomwepa. Munamupha? Bwanji osandifunsa, khomo langa si ili?"

AChidendene anasowa poika maso. Kukhola kuja ndi pazenera panali mapazi asanu okha, ndipo kulisuntha kholalo inali ntchito yoti akanaigwira ndi hamala theka la tsiku.

Eninyumba sanachulutse mawu. "Mawa dzuwa likamalowa, ndisaone ngakhale nthenga mumpanda muno."

Bambo aja anathamangira kwa mnzawo wometa, poti kwawoko kunali bwalo lalikulu. Anawapeza akunola lumo.

"Achimwene, ndisungireniko mathadzi anga, ngakhale mwezi umodzi, ndipeze pogwira."

"Aaa, achimwene, mukanabwera chaka chatha. Akazi anga anabzala masamba bwalo lonse, nkhuku ikangolowa ndiye kuti ine ndatuluka." Anayesa lumo pachala. "Koma musadandaule. Nkhuku zisanu ndi zinayi si zambiri. Tikathandizana ine ndi inu, sabata ziwiri sizikwana."

AChidendene anawayang'ana ngati akuwaona koyamba, n'kutuluka osatsanzika.

Loweruka m'mawa anakhala pakhomo pa khola, mpeni uli pambali, osadziwa kuti ayambire thadzi liti. Ndiye anamva kulira kwa wilibala pageti.

"Odi kuno!"

Anali aNdinanena, akukankha wilibala, m'menemo muli madengu awiri ndi nsalu zakutha.

"Mpeniwo ikani uko, ndipo muuike chafufumimba, wina angapondepo. Kuyambira Lachiwiri ndakhala ndikumva mawu atatu ndili kwathu, dzulo ndamva awiri. Ndimadikira kuti mubwera, koma ndaona kuti manyazi anuwo atha nkhuku za mng'ono wanga. Dzukani!"

"Alamu, ine…"

"Inu chiyani? Mutu uwo ndi wosungirapo chipewa? Tsekani uko, ikuthawa! Osagwira phiko limodzi, muthyola! Mayo ine, taonani msana uwu. Munali kuti nkhuku ikufika potere? Zaka zonsezi mng'ono wanga ankakhala bwanji ndi munthu wa makutu a chikopa?"

Anawakalipira kuyambira thadzi loyamba mpaka lotsiriza, ndipo aChidendene chibadwire anali asanamvepo mawu okoma ngati amenewo. Ankangoti, "Inde alamu, n'zoona alamu," misozi ikutsikira m'dengu.

Atambala awiri aja sanakwere nawo wilibala. Wakuda aNdinanena anamumanga miyendo n'kuwapatsa alamu awo kuti akapepesere anesi, ndipo anawaperekeza mpaka pakhomo kuopa kuti angakalankhule zopotoka. Wamawanga anapita kwa mayi wina wogulitsa makala, yemwe mathadzi ake analibe tambala. Kumeneko, poti anali yekha, anasanduka munthu.

Kwawo aNdinanena anatsuka mabala a mathadzi ndi madzi ofunda amchere. Sanawaponye m'khola mwawo tsiku lomwelo ayi, poti alendo ovulala nkhuku zapakhomo zikanawatsiriza. Anawatchingira pambali ndi waya, kuti zizionana koma osakhudzana, mpaka sabata yathunthu. Atatsegula, tambala wawo wamkulu anazungulira alendowo kamodzi phiko lili pansi, n'kuwaitanira chakudya. Awiri anali atavulala kwambiri, sanachire. Asanu ndi awiri anamera nthenga, ndipo la tsumba lija patapita miyezi iwiri linaswa anapiye asanu ndi mmodzi.

Khola la aChidendene linaphwasulidwa, matabwa ake anasonkhera moto. Eninyumba sanabwezenso mawu awo. Lero kuseri kwa nyumbayo n'kosesedwa bwino, kulibe chitosi, kulibe nthenga, ndipo bambo aja akadzuka amamwa tiyi akuyang'ana khoma. Akaweruka kuntchito amayenda misewu itatu kukaodira pakhomo pa eni kuti aone nkhuku zawo zomwe. Tsitsi amakameta kwina.

Koma mukawamva akudandaula, mudzandiuze. Nsapato za m'nyumba ya alamu awo, kuyambira za mayiwo mpaka za adzukulu, sizing'ambika n'kugona. Amazitola okha pakhonde, mawa n'kuzibweza zitasokedwa ndi kupolishidwa. Pochoka amapatsidwa mazira atakulungidwa m'kansalu, pamodzi ndi katundu wa machenjezo: asaike m'thumba lakumbuyo, asadutse kumene kuli galu uja, aoloke msewu atayang'ana kawiri. Iwo amavula chipewa n'kumvetsera mpaka mawu athe.

Tsiku lina kasitomala wina, akudikira nsapato yake, anaona aNdinanena akudutsa, n'kuyamba kuseka kuti mayi awo amaopa ndi mphepo yomwe. AChidendene anaika singano pansi.

"Bwana, nsapato yanu ndisoka, koma mayi awo muwasiye. Enafe tinawaseka, lero nkhuku zathu timakaziona ngati odwala kuchipatala. Ndipo pakanapanda iwowo, bwenzi kulibe n'zokaziona zomwe."

Anatolanso singano, nabaya chikopa. Paja akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.