Mtengo wa Lalanje wa Mayi a Mfumu

Kale kudziko la Falansa kunali munthu wina wosamala munda pa nyumba yachifumu ya kumudzi, kumene mfumu inkapita kukapuma. Kumeneko kumazizira, abale anga, osati kuzizira kwa ku Dedza kumene timadandaula nakoku ayi. Madzi amachita kuuma gwa! Choncho mitengo ya malalanje sankaibzala pansi. Ankaibzala m'mabokosi akuluakulu a matabwa, chisanu chikafika n'kuilowetsa m'nyumba, dzuwa likabwerera n'kuitulutsanso.

Pa mitengo yonseyo panali umodzi umene anabzala malemu mayi a mfumu. Munthu uja ndiye ankausamala, ndipo ankadziwa bwino kuti mtengowo ukafa, ntchito yatha, ndi nyumba yomwe ankakhalamo ndi ana ake alandidwa.

Chaka china poutulutsa, mayo! Masamba onse anali atayoyoka, kwatsala nthambi zokhazokha. Uku uthenga wafika kuti mfumu ili m'njira.

Mnzake wa pantchito anamunong'oneza: "Achimwene, mabokosiwa ndi ofanana. Ikanipo mtengo wina wobiriwira, uwu tiudule tiuponye pamoto. Adziwa ndani?"

Munthu uja anagwira nkhwangwa. Kenaka anaiika pansi. Anakokera bokosilo pamalo ake a masiku onse, pakhomo penipeni, mtengo uli mbulanda choncho.

Mfumu itafika, iye anagwada nati: "Mfumu yanga, mtengo wa mayi anu uja ndi uwu. Ndalephera, koma kukunamizani sindingathe."

Mfumu inayang'ana mtengowo. Inayandikira n'kukanda khungwa ndi chikhadabo. M'kati munali mobiriwira, monyowa.

"Dzuka iwe," inatero mfumu. "Mtengowu unachitaponso chonchi ine ndili mwana, mayi n'kundionetsa pokanda. Uziuthirira, uphukanso."

Aa, mtima wa munthu uja unakhala pansi! Anaseka misozi ili mbwembwembwe, osatha n'kudzuka komwe. Taganizani, mtengo wamoyo unatsala pang'ono kupsa chifukwa cha mantha basi.

Abale anga, ambirife tikauma mumtima timathamangira kusintha bokosi. Timabwera kutchalitchi kuno ndi nkhope yobwereka, zenizenizo titabisa kuseri. Lekani zimenezo. Bwerani kwa Mulungu mmene mulilimo, opanda tsamba ndi limodzi lomwe. Inu mukuona nthambi zouma, koma Mwini munda amadziwa pokanda. Musadule chimene Iye sananene kuti chafa.