Njati ndi Galimoto Yopanda Ndodo

Nthano iyi ndinaimva kwa malume anga, a Zakeyu Kalilangwe, Mulungu awasunge pabwino. Anayendetsa malole zaka zambiri, mpaka maso awo anayamba kuchita nkhungu. Anatiuza masana ena pa Lizulu, titakhala pa matumba a kachewere, minibasi itakana kudzaza. Ndiinena monga anainenera iwo. Ndikaphonya pena, Ambuye andikhululukire. Ana inu khalani pansi, nanunso akuluakulu muziyankha.

Anati, "Kalekale."

Ife tinati, "Tili tonse."

Kalekale, nyama zisanasiye kuyendetsa magalimoto, kunali phiri lalitali. Pamwamba pake ankalima matimati. Pansi pake, kutsidya kwa mlatho, kunali msika. Pakati panali msewu umodzi wokha, wamiyala, wokhotakhota.

Magalimoto onse a paphiripo anali a ndodo yosinthira magiya, ndipo onse mabatire awo anali akufa. Choncho madalaivala anali ndi mwambo wawo. Madzulo aliyense ankaimika galimoto pamtsetse, mphuno yoloza kumunsi, mwala pansi pa tayala. M'mawa achotsa mwala, aponda klatchi, aika giya yachiwiri, galimoto ikathamanga asiya klatchi. Gu, gu, gu, bvuuu! Yalira. Mtsetse ukapanda kukwana, ankaitana Nguluwe ndi Nyani. Awiriwa ntchito yawo inali kukankha. Dzuwa kukankha, mvula kukankha. Malipiro awo anali matimati ophwanyika.

Pakati pa madalaivala panali Changa, kamdala kakang'ono ka maso aakulu. Changa pofuna kuponda klatchi ankatsika pampando, n'kuimapo ndi miyendo yonse iwiri, manja atagwira chiwongolero. Kutsika, kukwera, kutsika, kukwera, makhota onse a phiri lija. Msana unatha, mawondo anatha. Mkamwini wake wa ku Joni atamva zimenezi anamva chisoni, namutumizira kagalimoto kena konyamulira katundu.

Tsiku lomwe kanafika, madalaivala onse anasonkhana pa depoti, pansi pa mkuyu. Nyani anasuzumira pazenera.

"Madala, ndodo ili kuti?"

"Ilibe," anatero Changa. "Kachitsulo kali apaka nkongouzira kuti tipite kutsogolo kapena kumbuyo. Magiya ali m'timakutu iti, kuseri kwa chiwongolero. Ndikakoka ka kumanja, giya yakwera. Ndikakoka ka kumanzere, yatsika. Ndikatopa ndimatisiya, imasintha yokha."

"Nanga klatchi?"

"Mkamwini akuti m'mimba mwakemo muli maklatchi awiri. Ina ikamagwira, inzake yakonzeka kale."

Apa Njati anaseka mpaka mkuyu unagwetsa nkhuyu. Njati ndiye anali tcheyamani wa depoti. Palibe anamusankha, anangodzuka tsiku lina ali tcheyamani.

"Awiri!" anatero Njati. "Maklatchi awiri, yoponda ngakhale imodzi palibe! Iwe Changa, akutumizira mpando wa odwala. Dalaivala weniweni injini amaimvera m'mwendo. Ndodo m'dzanja, klatchi pansi, galimoto imadziwa kuti mwini wake wafika. Iyi ndiyo ikuyendetsa iwe. Uli ngati dengu la matimati chabe."

"Zoona, bwana tcheyamani," anavomera ena. "Galimoto yoganiza yokha tsiku lina idzaganiza zokutaya kuphompho."

Nguluwe anali chigonere pafumbi. Anadzutsa mutu pang'ono.

"Ine ndingofunsa chimodzi, madala. Imafuna kukankha?"

"Ayi."

"Mulungu aidalitse," anatero Nguluwe, nabweza mutu pansi.

Sabata inatha. Njati akamapita ulendo umodzi, Changa wapita katatu. Pa khota lina loipa, pamene lole ya Njati inkakukuta magiya, khrrr, khrrr, Changa ankangodutsa, tchi, tchi, zala zokha zikusewera. Alimi anayamba kudikira Changa. Njati madzulo ankakhala pachitsa, bondo lakumanzere litatupa, maso ali pa kagalimoto kaja. Pakamwa ankanyoza, mumtima malovu ali chuchuchu.

M'mawa wina anaitana Changa.

"Pali lamulo la pa depoti. Galimoto yachilendo ayambe waiyesa tcheyamani."

"Linayamba liti lamulo limeneli, akulu?"

"Lero."

"Muiyesa mpaka liti?"

"Mpaka nditakhutira. Bwera nawo makiyi. Iwe tenga lole yanga, tasinthana, uphunzirepo uchamuna. Ndipo m'mawa uliwonse uzibwera kudzanditsukira, poti fumbi lake umalidziwa ndiwe."

Changa anayang'ana anzake. Onse anali akuyang'ana nyerere pansi. Anapereka makiyi.

Anapita pa lole ya Njati. Anaima pa klatchi ndi miyendo iwiri. Klatchi ili gwa, ngati tsinde la mtengo. Analumphirapo. Gwa. Ananyamula mwala pamutu n'kulumphiranso. Gwa. Anagwira ndodo ya magiya, nalendewera ngati dzungu pa denga. Ndodo osasuntha.

Masiku anapita, Changa osagwira ntchito. Nyengo ya matimati ndi yaifupi, ana inu. Ikakudutsa, wadutsidwa chaka chonse. Kunyumba mkazi wake anayamba kugwedeza chitini cha ufa kuti mwamuna amve mmene chikulirira.

Malume atafika apa anayang'ana msewu. Anapempha madzi, tinawapatsa. Kenaka anapitiriza.

Changa ankatsuka, ankayang'ana. Ankatsuka, ankayang'ana. Anaona kuti Njati madzulo amaimikabe kagalimoto kaja pamtsetse, mwala pansi pa tayala, chonsecho kamalira ndi kiyi. Anaonanso kuti Njati akakhala pampando, mwendo wakumanzere umagunda pansi wokha, kufunafuna chinthu choti palibe. Changa anaona.

Linafika tsiku la msika waukulu. Changa analawira ndi ndowa ndi kansanza. Atatsuka, anatsegula boneti, natulutsa kasipanala m'thumba. Anamasula nati ya pamutu pa batire, nasendeza waya pang'ono. Anatseka boneti, napukutanso bwinobwino.

Ine sindikuti kumasula nati nkwabwino. Ndikungonena zimene ndinamva. Komanso galimotoyo inali yake.

Njati anabwera, natenga matimati a phiri lonse, kuti dalaivala wina asapeze ngakhale dengu limodzi. Anasanjikiza madengu mpaka kupitirira denga. Anakhala pampando, napotokola kiyi.

Zii.

Anapotokolanso. Zii.

"Changa! Yatani?"

"Ine ndi wotsuka, akulu."

"Ndi batire. Zazing'ono zimenezo. Palibe galimoto yokana kulira pamtsetse. Nguluwe! Nyani! Kumbuyo!"

"Akulu," anatero Changa mofatsa, "mkamwini ananena kuti yotereyi salizira pokankha."

"Iwe ndi mkamwini wako mukudziwa chiyani? Ine ndinayamba kuliza magalimoto pamtsetse uno iwe usanamere ubweya. Imasule matayala, ukhale apa uone."

Changa anaimasula kuti matayala aziyenda, nakhala pambali pa Njati. Nguluwe anausa moyo, naika mphuno pa chitseko chakumbuyo. Nyani analavulira m'manja. Anachotsa mwala.

"Kankha! Kankha!"

Galimoto inayamba kuyenda. Inathamanga. Nguluwe ndi Nyani ali pambuyo, wefuwefu.

"Tsopano!" anakuwa Njati, naponda klatchi ndi mphamvu zake zonse.

Koma klatchi munalibe. Munali buleki.

Gwa! Galimoto inaima ngati yakhomedwa msomali. Nguluwe mphuno pa chitsulo, phwa! Nyani anagwa chagada, natsetsereka ndi matako pamiyala, kwaaa! Madengu apamwamba anauluka, matimati n'kumagubuduzika kutsogola kumsika okha.

"Bwanji mukukankha ngati simunadye?" anakalipa Njati. "Tiyeni kachiwiri!"

Anakankhanso. Itathamanga, Njati anaponya dzanja kufuna ndodo, nagwira chinthu chozungulira, nachikankhira kutsogolo.

"Akulu, ndi mutu wanga uwu."

"Nanga giya yachiwiri ili kuti?"

"M'timakutu."

Njati analowetsa chiboda kuseri kwa chiwongolero. Tcha, tcha. Palibe chochitika. Tcha, tcha, tcha. Mtima unakwera, ndipo mwendo uja, osauzidwa ndi munthu, unapita wokha.

Gwa! Phwa! Kwaaa!

Ndicho chake mpaka lero mphuno ya Nguluwe ndi yaphwatalala, ndipo Nyani kumbuyo kwake sikumera ubweya. Malume anatero, ndipo sanaseke.

Anakankha kachitatu, kachinayi, kachisanu. Khota ndi khota, gwa, phwa, kwaaa. Mapeto ake anafika pa mlatho. Phiri linatha. Galimoto ili chete.

"Mtsetse unachepa," anatero Njati. "Tibwerere pamwamba, tikayambirenso."

Nguluwe anagona pakati pa msewu. "Bwana tcheyamani, ingondipondani. Kukhala bwino."

Nyani sanathe kukhala pansi. Anangoima chowerama, atagwira mlatho.

Choncho Njati anatsika yekha. Anatembenuza galimoto, naika nyanga kumbuyo kwake, Changa ali pa chiwongolero. Linali dzuwa la Okutobala, lija loswa mtengo. Anakankha chokwera. Mapazi ankaterera pa matimati ake omwe. Thukuta kamukamu, lilime panja. Atafika pakati pa phiri anati pakwana, analowa, natsetsereka. Mwendo unapita. Gwa! Anatsetserekanso mpaka pa mlatho. Zii.

Anakankhanso chokwera. Ulendo uno sanafike ngakhale pa khota loyamba. Galimoto inayamba kumubweza, anabwerera nayo chambuyo mpaka pa mlatho pomwe paja. Anagwa khu! pambali pa Nguluwe. Kuchokera m'madengu munkadontha madzi ofiira, ntchentche zili ng'waa.

Anakhala choncho nthawi yaitali, onse anayi. Anthu a kumsika anayamba kubwerera kwawo.

"Changa," anatero Njati potsiriza, mawu atasasa. "Tenga chimaliro chako. Undibwezere lole yanga."

"Iii, akulu, paja munati tasinthana. Lole yanu ndayamba kuizolowera. Masana ndimagonamo bwino, mpando wake ndi waukulu."

"Ndati tenga!"

"Ndiitenge yakufa? Ndiye mawa wina akaikonza, mudzati tcheyamani sanamalize kuyesa."

"Ndamaliza! Ndaiyesa, ndi yachabechabe!"

"Pakamwa pamasintha, akulu. Ine ndine wamng'ono, ndilibe pogwira."

Njati anadzuka movutikira. Ananyambita chiboda, naloza kumwamba.

"Pali malemu bambo anga! Ndikadzaikhudzanso galimoto iyi, ngakhale ndi nsonga ya mchira, mphenzi indiwombe dzuwa likuwala. Nguluwe, wamva? Nyani, wamva?"

"Tamva," anayankha awiriwo, mmodzi m'mphuno, wina chowerama.

Njati anaponya makiyi pafumbi, nayamba kukwera phiri wapansi, kulondola lole yake yomwe inali pamwamba. Tsimphi, tsimphi.

Atazimirira pa khota, Changa anatsegula boneti. Anabweza waya, namanga nati. Anapotokola kiyi. Injini inalira mwaulemu, ngati mphaka wokhuta.

Nguluwe anayang'ana kasipanala, nayang'ana Changa.

"Madala. Mphuno yangayi."

"Pepa, mphwanga. Pepani nonse awiri. Ndinalibe njira ina. Kwerani kutsogolo kuno."

Nguluwe anazengereza. Zaka zonse zimene anakankha magalimoto, anali asanakhalepo m'kati mwa ngakhale imodzi. Anapukuta mapazi pa udzu, nalowa pang'onopang'ono. Nyani anagwada pampando, mutu pazenera.

Ananyamuka. Tchi. Tchi.

Anamupeza Njati pa khota lachiwiri, atakhala pamwala, akusisita bondo. Atamva injini anadzidzimuka. Anaimirira, natambasula dzanja. Changa anachepetsa liwiro, natsitsa galasi.

"Yalira bwanji?"

"Kaya, akulu. Mwina inangofuna kupumula."

"Chabwino. Sendera uko, undifikitse pamwamba."

"Ndikanakonda, akulu, Mulungu akudziwa. Koma mwalumbira pali malemu, mboni ndi izi. Ndikakutengani ndakuphetsani. Tapatukani pang'ono, mchira wanu ungakhudze."

Njati anayang'ana kumwamba. Kunali kamtambo kamodzi, kakang'ono. Anakoka mchira, naufumbata, napatuka.

Changa anakoka kakhutu ka kumanja, tchi, nakwera phiri.

Malume atafika apa analeka. Mayi wina wogulitsa kabichi, amene ankamvetsera nafe, anafunsa kuti, "Ndiye achimwene, yabwino ndi iti, ya ndodo kapena ya timakutu?" Malume anatseka maso, ndinayesa agona. Kenaka anati:

"Yabwino ndi yako, mlongo wanga. Ya ndodo imafuna mwendo, ya timakutu imafuna zala, ya mnzako imafuna kukankha. Nthano yanga yazimira pompa. Amene ali ndi mphamvu aikankhe, ine ndatopa."