Gologolo ndi Mitengo ya Nkhokwe

Nguluwe anaponya pansi mtengo wa tsanya, thukuta lili kamukamu. Ankamanga nkhokwe ya mtedza, ndipo ankafuna mitengo yolimba yoyala pansi pake, chifukwa chaka chatha wakuba anaboola pansi pomwepo, ana ake n'kugona ndi njala.

Gologolo anatsika mumtengo akupukusa mutu.

"Azakhali, mukudziphera chiyani? Mtengo ukamalemera chonchi ndiye kuti wadzaza madzi. Uwola msanga. Tengani kachere uyu, wopepuka bwino."

"Tsanya ameneyu anauma kalekale," anatero Nguluwe. "Ndipo iwe unayamba liti kundimvera chisoni?"

"Mtima wanga ndi wotero, azakhali. Tangogogodani mumve."

Nguluwe anagogoda tsanya, anangoti gu. Anagogoda kachere, anati phophopho.

"Mwamva? Wamoyo amayankha!"

"Chigubu chopanda kanthu nachonso chimayankha," anatero Nguluwe, akumuyang'ana cham'mbali.

"Chabwino, tiyeni kumtsinje madzi akatiweruze."

Anaponya zidutswa ziwiri zofanana kukula. Tsanya anamira nthawi yomweyo. Kachere anayandama.

"Mwaonatu!" anakuwa Gologolo. "Mtengo wolephera kudzinyamula wokha ungasenze mtedza wanu?"

Nguluwe anayang'ana kachere uja, kenako anayang'ana mano a Gologolo, oyera, akuthwa ngati sompho.

"Wanena zoona, mwana wa achimwene. Pita ukapume."

Gologolo atapita, Nguluwe anayala tsanya yense pansi pa nkhokwe, mothithikana. Kunsi kwake, kumene kumaonekera munthu akasuzumira, anamangirirako timitengo ta kachere. Phewa linamuwawa, koma sanadandaule.

Mtedza utalowa m'nkhokwe, Gologolo anadikira kuti Nguluwe apite kudimba, n'kukwawira kunsi. Ananunkhiza: kachere weniweni! Anayamba kuteketa, ndipo mtengo unkangoyoyoka ngati chinangwa chophika. Fungo la mtedza litamufika m'mphuno, anatsinzina, anayasamula kukamwa konse, n'kuluma ndi mphamvu zake zonse.

Kho!

Nguluwe pobwera anamupeza akugubuduzika m'fumbi, manja ali kukamwa. Dzino lakumaso linali litatsalira mu tsanya.

"Kodi ndiwe, mwana wa achimwene? Unabwera kudzaona ngati mtengo wadzaza madzi?"

Gologolo anayesa kuyankha, koma m'kamwa munangotuluka mphepo.

Nguluwe anatola mtedza umodzi wosasenda n'kumuponyera.

"Nawu, malipiro a uphungu wako. Uswe wekha."

Gologolo anautembenuza uku ndi uku, anauyesa ndi tsaya lamanja, anauyesa ndi lamanzere. Dzuwa linalowa akunyambitabe khoko lake.