Zondiwe ndi Pulogalamu Yosaleka

Ana inu, manyazi amapha, ndipo apa sindikuseka.

Kudali mnyamata wa ku Ntcheu dzina lake Zondiwe, amene kusekondale sankapambanidwa ndi munthu. Atasankhidwa kukaphunzira zolemba mapulogalamu a kompyuta kuyunivesite, mudzi wonse udamuperekeza kokwerera basi. Koma mnyamatayo adali asanaikhudzepo kompyuta chibadwire.

Papepala adali katswiri. Mphunzitsi wawo, Mayi Kaliwo, akati, "Lembani ndondomeko yosanjira manambala kuyambira yaing'ono," iye ankatsiriza anzake akadakanda mitu. Tsoka lidali m'chipinda cha makompyuta. Kumeneko ankasaka chilembo chimodzichimodzi ngati nkhuku yotola chimanga, mpaka mtsikana wina wa m'tauni adamuseka. Basi, kuyambira tsikulo ankakhala pakona.

"Alipo amene zamuvuta?" Mayi Kaliwo ankafunsa.

Zondiwe sankakweza mkono.

Mayeso adafika, ndipo lamulo lidali lodziwika: wolephera phunziroli abwerera kwawo. Funso lidali losanja manambala lomwe lija. Zondiwe adaliyankha papepala, koma pokopera mu kompyuta adalumpha mzere wouza pulogalamu polekera kubwereza. Paja kompyuta ilibe nzeru zakezake. Ukaiuza kuti bwereza osaiuza polekera, imabwereza mpaka magetsi azime. Manambala adayamba kuyenderera pagalasi la kompyuta osaima. Adadina apa, adadina apo, ayi ndithu.

Mantha adamugwira. Kuimitsa pulogalamuyo kunkangofuna mabatani awiri, ndipo aliyense m'chipindamo ankawadziwa. Mayi Kaliwo adafika pafupi.

"Achimwene a pakona, zikuyenda?"

Zondiwe adapendeketsa galasi lija. "Zikuyenda, madamu."

Mumtima ankati itopa yokha. Sidatope, ndipo nthawi idatha.

Anzake atatuluka, Mayi Kaliwo adawerenga pepala lake, n'kuusa moyo.

"Zondiwe, yankho lako papepalapa ndi lolondola. Kundiitana kuti ndiimitse kompyuta si kubera. Bwanji osakweza mkono?"

"Ndimaopa kusekedwa, madamu."

"Ine ndichonga zimene zili mu kompyuta, mwananga. Njira ina ndilibe."

Zondiwe adabwerera ku Ntcheu. Amayi ake atamufunsa ngati sukulu yatsekera, adangoti eya. Miyezi idadutsa, mayiwo akuuza anthu pachigayo kuti mwana wawo ali patchuthi, mpaka adasiya okha kumufunsa.

Ophunzira atsopano atabwera, Mayi Kaliwo adaloza mpando wa pakona uja nati, "Mbewa ya manyazi idafera kuuna."

Mawuwa ndi mwambi wa makolo. Mbewa akaifukiza utsi kuuna, yotuluka imaonedwa inde, koma ikhoza kupulumuka. Yokana kuonedwa imatsamwa momwemo, khomo lili pafupi. Tsono kanthu kakakuvutani, nenani. Okusekani amaiwala lisanalowe dzuwa, koma chimene mwataya pobisa umbuli sichibweranso.