Mlonda Amene Sanadzuke ndi Anzake

Panali munthu wina, dzina lake a Zingani, amene ankagwira ntchito ku bungwe la alimi m'boma lina. Ntchito yawo inali yosamalira detabesi, ndiye kuti kaundula wa m'kompyuta momwe munali mayina a alimi onse, midzi yawo, ndi mbewu imene aliyense ayenera kulandira. Kaundulayo ankakhala mu seva, chikompyuta chachikulu cha m'kachipinda kozizira kuseri kwa ofesi.

A Zingani anali munthu wanzeru, ndipo ankadziwa okha kuti ndi anzeru. Anaika mu sevamo pulogalamu yolondera, n'kuipatsa dzina loti Mlonda. Makina akatentha, akalemedwa ndi ntchito, kapena disiki yosungamo zinthu ikayamba kudzaza, Mlonda ankatumiza uthenga pa foni yawo.

Koma kulongolola kwake Mlondayo, abale! A Zingani ali pa chakudya, foni kulira. Ali m'minibasi, kulira. Lamulungu lina inalira m'tchalitchi abusa ali pakati pa pemphero, mpaka a Zingani anatsinidwa m'nthiti ndi akazi awo.

Ndiye mwezi wa Novembala uli mkati, foni ija inangoti zii. Tsiku loyamba, lachiwiri, sabata yonse, kopanda uthenga ndi umodzi womwe. A Zingani anakondwa zedi. Ankayenda mu ofesi akuimba mluzu, n'kumauza aliyense kuti seva yawo tsopano yakhwima, yasiya zachibwana.

Sabata yotsatira inali yogawa mbewu, ndipo tsiku lake linali Lachisanu. Chizimalupsa chinali chitagwa kale, mizere ili yokonzeka m'minda, mitambo ikudera kum'mawa. Lamulo la bungwe linali loti popanda mndandanda wochokera mu detabesi, thumba la mbewu silituluka. Mndandanda ukachedwa, alimi akanaphonya mvula yobzalira.

Lachitatu pa nthawi ya tiyi, a Zingani anayamba kudzitama kwa mayi Nambewe, amene ankayang'anira nyumba yosungira mbewu. Mayiwa za makompyuta sankazidziwa, ndipo sankabisa.

"Masiku asanu ndi anayi, mayi, Mlonda wanga osadandaula kanthu!"

Mayi Nambewe anatakasa tiyi wawo. "Zabwino zimenezo, achimwene. Koma ine mlonda wa kunyumba ya mbewu akangokhala duu sabata yathunthu, sindinena kuti akuba atha m'dziko. Ndimapita kukaona ngati munthuyo akadalipo. Nanga wanuyo akagona, amakuuzani ndani?"

A Zingani anaseka kwambiri. Koma atamwanso tiyi uja, sanamve kukoma.

Anasiya kapu, n'kulowa m'kachipinda kozizira kaja. Ulendo uno sanadikire uthenga. Anakhala pansi n'kufunsa makina eni akewo kuti mu disiki mwatsala malo ochuluka bwanji. Yankho linabwera loti pa magawo zana aliwonse, awiri okha ndi amene anali opanda kanthu. Anafufuza Mlonda pakati pa mapulogalamu amene anali pa ntchito. Mlonda panalibe.

Thukuta linawatuluka m'chipinda chozizira chomwecho. Atawerenga mbiri imene makina amalemba okha, anapeza chimene chinachitika. Masiku asanu ndi anayi apitawo magetsi anathima, jenereta inachedwa kulira, ndipo seva inazima. Magetsi atabwera, detabesi inadzuka yokha, chifukwa anailamula kale kuti izitero. Koma Mlonda anamuyatsa ndi manja tsiku lomuika lija, n'kuiwala kumulemba pa mndandanda wa zodzuka zokha. Chigonereni tsiku limenelo. M'menemo alimi akulembetsa mazanamazana, mafayilo a mbiri aja akufufuma ngati mtanda wa mandasi, popanda wonena. Pofika Lachisanu m'mawa disiki ikanadzaza, detabesi n'kuima, alimi ali pa mzere panja.

Anasamutsa mafayilo akale, n'kulamula makina kuti azichotsa okha mbiri yakale sabata iliyonse. Malo anapezeka ambiri. Akanatha kulekera pomwepo, n'kutuluka akuimba mluzu ngati palibe chachitika. Koma anatenga kompyuta ina yakale, n'kukaiika mu ofesi ya mayi Nambewe ndi batire lakelake, kuti Mlonda azikhala kumeneko n'kumayang'ana seva ali panja pake. Anamulamula kuti magetsi akabwera azidzuka yekha. Ndipo anamupatsa lamulo latsopano, loti m'mawa uliwonse, kaya kuli vuto kaya kulibe, azitumiza mawu amodzi okha: "Ndilipo."

"Mayi," anatero a Zingani akulumikiza mawaya, "mwandiphunzitsa ntchito yanga lero."

"Ine? Ndangofunsa funso basi. Musakhudze maluwa angawo."

Lachisanu mndandanda unatuluka bwinobwino. Alimi anabwera ndi njinga, ena ndi ngolo, ena anasenza pamutu, ndipo dzuwa lisanapendeke m'nyumba ya mbewu munatsala fumbi lokha. Loweruka inagwa mvula ya tsiku lonse.

Lamulungu m'mawa, banja la a Zingani likukonzekera kupita ku tchalitchi, foni inalira. Akazi awo anagwira m'chiuno.

"Yayambiranso, bambo?"

"Isiyeni ilire," anatero a Zingani akumanga tayi. "Tsiku limene idzakhale chete ndi limene mudzandione ndikuthamanga."

Tsono inu amene mukulowa kumene ntchito yosamalira makinayi, ndimvereni. Musamangokhutira kuti detabesi ikuyankha. Muziyang'ananso makina amene aisenza, ndiponso amene mwamuika kuti azilondera. Foni ikakhala chete, mwina zinthu zili bwinodi, mwinanso wokuuzani uja ndi amene wagwa, ndipo muli pa mpando simungasiyanitse. Nyamukani mukaone. Ndipo popeza mwanyamuka kale, ganizirani m'bale wanu uja amene kale ankakuvutitsani ndi mafoni, koma mwezi uno sanaimbe, inu n'kumati mwapuma. Muimbireni lero.