Manati a Tayala Lakumanzere

Ndiulule lero zimene ndinawachita a Chimbalanga, kapitawo wa pa esiteti pomwe ndinkayendetsa lole. Tsiku lina lole yawoyawo inaphulika tayala, ndipo anandiimitsa panjira nditanyamula fodya, mvula ikubwera.

"Iwe Fulatera, gulula tayala lako undipatse, apo ayi ntchito yatha!"

"Tengani lakumanzere, bwana, ndi latsopano. Koma mkono ukundipweteka, masulani nokha."

Sindinawauze kuti pa malole akale aja manati omangira matayala akumanzere amamasuka ukawapotokolera mbali inayo. Iwo akamapotokola, manati ankangolimbiralimbira. Anakwera pa sipanala n'kudumpha, sipanala inaterereka, iwo chagada m'matope!

"Manati achita dzimbiri awa! Osapaka girisi bwanji? Choka apa!"

Ndinachoka, fodya anafika wouma. Ndimalapa ndithu, abale, koma ndikakumbuka miyendo ija ili m'mwamba, pemphero limandithawa.