Maliro a Laputopu ya Gologolo

Kalekale, koma osati kale la makolo, kale la dzanadzanali netiweki itangofika kudambo, padangokhala Gologolo. Vomerani inu, sindikuyankhula ndi makala a pambaulawa. Eya, tili tonse.

Gologoloyo anali mayi wamasiye wa ana anayi. Mwamuna wake anapita ndi mphamba, n'kusiya chinthu chimodzi chokha, laputopu yakale yobenthuka pakona, pamodzi ndi kasola kake. Ndi laputopuyo Gologolo ankabena nyimbo ndi mafilimu pansi pa mtengo wa mkuyu. Nyama zinkabwera ndi mafoni, iye n'kuziikira m'mamemole, izo n'kumusiyira kaya mtedza, kaya masawu. Ana ankadyera pomwepo. Kunalibe kwina.

Ndiye mayiyo ankaisamala laputopu ija ngati khanda. Sankaikhazika pansi chabe ayi. Ankayamba wayala zitsekerero zinayi za mabotolo, n'kuisanjika pamwamba kuti mphepo izidutsa kunsi, poti kunsiko ndi kumene kuli timabowo topumira. Padzuwa sinkakhala. M'mawa uliwonse ankapititsa mchira wake m'timabowomo, pukutu pukutu, kuchotsa fumbi. Fani ya m'kati ikayamba kulira, ankatseka zonse kuti ipume kaye, ngakhale pamzere pakhale nyama khumi. Anyani ankamuseka, amati tsiku lina adzaibereka kumbuyo.

Kumtsinje kunkakhala Mvuu. Wamkulu, wadyera, chimene waona n'chake. Mafoni anagulapo ambirimbiri, onse anafera m'madzi, chifukwa mkuluyo akangomva kutentha ankathamangira kukadziviika osayang'ana m'thumba.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Mvuu anatulukira pamkuyu paja. Sanapereke moni. Anaima n'kuonera filimu imene Gologolo ankabenera Nungu, malovu ali chuchuchu.

"Ndibwereke kachinthuka, iwe. Mawa ndibweza."

Mawa la Mvuu mukulidziwa, silifika. Gologolo anagwada, n'kunena kuti akuluakulu amukhululukire, pamenepo ndi pamene ana amadyera, bola awaonetse mafilimu onse pomwepo mwaulere. Amayankhula ndi msana. Mvuu anali ataipanira kale kukhwapa, akupita, di, di, di. Gologolo anauza ana kuti asachoke, n'kutsatira m'mbuyo, jowi, jowi, jowi.

Atafika pamchenga wa m'mbali mwa mtsinje, Mvuu anayala matilesi ake padzuwa, n'kugona chagada, laputopu n'kuikhazika pamimba. Mimba ya Mvuu n'njofewa. Laputopu inangomira m'mafutamo, timabowo tonse tseke. Kenako anatsegula mpira. Anatsegulanso filimu ya nkhondo, mpira uli mkati. Anatsegulanso kwaya, anatsegulanso ina ya azungu okwatirana, zonse nthawi imodzi, poti wadyera sasankha. Gologolo anayesa kunenako za zitsekerero za mabotolo. Mvuu anamuuza kuti zinyalala akatole kwawo.

Fani inayamba, fuuu. Kenako, wiii. Kenako mpira unaima, wosewera mwendo uli m'mwamba. Mvuu anayamba kudzikanda pamimba, n'kudzuka, laputopu ili m'manja, nkhope kuloza kumtsinje. Anati palibe kutentha kumene madzi amakulephera.

Apa Gologolo anadzambatuka. Ankadziwa kuti laputopu yapsa nthawi zina imadzuka, koma yamwa madzi, ndiye kwatha, ana akadye dothi. Anathamanga n'kukaima kutsogolo kwa mapazi aja.

"Akuluakulu, taimani kaye. Amenewotu ndi malungo. Nanga wodwala malungo mumamuviika mumtsinje?"

Kunena zoona, kwawo kwa Mvuu chilichonse amaviika, mwana wodwala, mwana wolira, ngakhale mlendo. Koma pamiyala panali patakhala anyani atatchera makutu, ndipo Mvuu sanafune kuoneka mbuli. Anatsokomola, n'kunena kuti amangomuyesa. Kenako anafunsa, ngati mphunzitsi wofunsa mwana, kuti nanga wodwala malungo amamutani.

"Timamufunditsa, akuluakulu, kuti atuluke thukuta."

Mvuu anati ndi zomwezo zimene iye amafuna kunena. Anatenga bulangete n'kuifunditsa. Anatenganso lina. Anapinda matilesi n'kuvundikira pamwamba, ndipo kuti mphepo isalowe ndi pang'ono pomwe, anatsamiritsa chibwano chake pamenepo. Zonsezo padzuwa la Okutobala.

Musaganize kuti Gologolo ankaseka mumtima. Anali ndi mantha oopsa. Mwamuna wake anamuuzapo kuti laputopu ikatentha kwambiri imadzizimitsa yokha kuti idzipulumutse. Koma iyi inali nkhalamba, ndipo nkhalamba ikagona sudziwa. Anangosankha moto m'malo mwa madzi, n'kukhala pamchenga kudikira.

Kunsi kwa mabulangete kunkamveka, wiii. Wiiii. Wii. Kenako thi. Kenako zii.

Mvuu anavundukula. Thukuta panalibe. Sikirini inali bii. Anadina apa, anadina apo, anaigwedeza, anaiitana. Ayi ndithu. Gologolo anasendera, anaikhudza ndi kadzanja kake, n'kudzigwetsa pansi, kuyamba kulira maliro. Anatchula malemu mwamuna wake, anatchula ana mmodzimmodzi. Misozi ina inali ya ntchito, ina inali yeniyeni.

Anyani anatsika pamiyala n'kudzakhala mozungulira, mitu ili pansi. Wamkulu wawo anafunsa mwaulemu kuti malemuwa atisiya ali m'manja mwa yani. Onse anangoyang'ana pamimba pa Mvuu, pamene panali chidindo chofiira cha makona anayi.

Gologolo anapukuta m'maso n'kunena kuti iye sakuimba munthu mlandu, imfa ndi imfa. Anangokumbutsa mwambo. Popeza akuluakulu anaitenga laputopuyo kukhala ya pakhomo pawo, ndipo yafera pakhomo pawo, siwa likhala pomwepo. Mwini khomo ndiye adyetse okhuza maliro mpaka tsiku lometa.

Anyani atamva za kudyetsa, anatuma uthenga kuphiri. Posakhalitsa kunayamba kutsika azakhali awo, azilamu awo, apongozi a azilamu awo, ena atanyamula mbale. Mvuu anayang'ana mzere uja, n'kuyang'ana dimba lake la chimanga, limene sanapatsepo munthu ngakhale chitsononkho.

"Si yanga iyi. Sinakhalepo yanga. Tengani maliro anu, muzipita."

Gologolo anati makutu ake atsekeka ndi chisoni, akuluakulu abwerezenso. Mvuu anabwereza. Nyani wamkulu anati iyenso sanamve bwino. Mvuu anabwereza kachitatu mokuwa, mpaka mbalame zinabalalika m'bango.

Basi anyani anayi anainyamula pamphasa ngati adzukulu, ena akuimba m'mbuyo, ulendo wa kumkuyu. Atafika, Gologolo anawathokoza ndi lichero la masawu, n'kuwauza kuti thupi lotentha saika m'manda, abwerenso mawa.

Atachoka, anaisanjika pa zitsekerero zake zija, pamthunzi. Anapititsa mchira m'timabowo, munatuluka mchenga ndi ulusi wa bulangete. Anatenga kabango n'kuuzira, fuu, fuu. Ana ankafuna adine msanga. Iye anakana, anati aidikire mpaka izizire ngati mtsuko. Anadikira, anadikira, mthunzi mpaka unasuntha. Kenako anadina. Zii. Mwana wamng'ono anafunsa ngati mawa kudzakhale mtedza. Mayiyo anadinanso, osachotsa chala.

Kanyali kanati phethi. Fani inati fuu, pang'onopang'ono, ngati munthu wodzuka kutulo. Gologolo anakhala pansi n'kulira kachiwiri, ulendo uno popanda womuonera.

M'mawa mwake anyani obwera kumaliro anapeza kwaya ikuimba, ndipo anavomerezana kuti zimachitika. Koma nyimbo zimayenda ndi mphepo. Mvuu anazimva ali kumtsinje, dyera n'kumudzutsa. Di, di, di, mpaka pamkuyu. Anyani anangoti kukamwa yasa, kudikira kuona ngati mawu onenedwa katatu angagwire mkono wa Mvuu. Gologolo sanawadalire mawuwo. Atangomva mapazi, anatseka kwaya n'kuyatsa kamera ya laputopu.

Mvuu anafunsa ngati imeneyo si ija inamwalira dzulo.

"Ndi yomweyo, akuluakulu. Yadzuka yokha. Sikudya, sikuyankhula, koma muli munthu m'katimu amene sitikumumvetsa. Mwina inu mumuzindikira."

Anaitembenuza. Mvuu anawerama n'kusuzumira. M'katimo munali Mvuu, wathunthu, atapanikizika m'kabokosi, akumuyang'ana. Anaphethira, uja anaphethira. Anayasamula, uja anayasamula, mano onse poyera.

"Watani ameneyu?" anafunsa Mvuu monong'ona.

"Kaya. Mwina laputopuyi ikufuna kumufunditsa."

Liwiro la Mvuu, abale, linali la mtondo wadooka. Anadutsa pamunda wa Nungu, anadutsa pamatilesi ake omwe, n'kukagwa mumtsinje, khuvuu. Mpaka lero masana satuluka. Mukapita kumtsinje mudzangoona timaso ndi timakutu tikuzungulira, kusuzumira ngati malemu akubwera. Ndipo taonani bwino, ngakhale thupi lonse limire, mphuno zake sazimiza nthawi yaitali. Zokhazo ndiye anaphunzira, kuti popumira sipatsekedwa.

Nthano yanga yapsa, iphuleni isanyeke. Ana inu, chokugwirirani ntchito muzichisiyira popumira, chisanakuzimireni pamaso. Ndipo akuluakulu ena amene mwakhala chete kumbuyoko, obwereka za eni ndi mawu oti mawa, dziwani kuti chikakuferani m'manja, anyani ali ndi abale ambiri.